Kodi 3,553,704 ndi nambala yamtundu wanji?

Funso: Ndikuphunzira masamu pandekha, ndipo ndapatsidwa nambala ya 3,553,704 kuti ndifotokoze makhalidwe ake: ngati ndi prime, ili ndi ma factor angati, ndiponso ili m'gulu liti la manambala. Ndinayamba kuigawa ndi 2, 3, 4, 5 mpaka ndinatopa nditafika pa 60. Kodi pali njira yachidule, kapena imeneyi ndi ntchito ya kompyuta basi?

Yankho: Munatopa chifukwa munayambira kumchira. Manambala amene amalowa mu 3,553,704 popanda chotsala, amene timawatcha ma factor, sasakidwa poyenda nambala ndi nambala kuchokera pa 1. Mukanapitiriza momwemo, mukanafika pa 1,885, pafupi ndi square root yake (nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yokha imabweza nambala yanuyo), musananene motsimikiza kuti mwawapeza onse. Ntchito yoyamba ndi kuiphwanya nambalayo kuti muone ma prime amene anaipanga. Mukawagwira amenewo, pafupifupi chilichonse chimene mwafunsidwa chimatuluka pa mzere umodzi wa masamu. Pa nambala ya madijiti asanu ndi awiri ngati yanuyi, pensulo ndi pepala n'zokwana.

Prime ndi nambala yoposa 1 imene imagawika ndi 1 ndi iyo yokha: 2, 3, 5, 7, 11, 13 n'kumapita. Nambala ina iliyonse yoposa 1 imapangidwa pochulukitsa ma prime, ndipo kapangidwe kake n'kamodzi kokha. 60 ndi 2 × 2 × 3 × 5, palibe gulu lina la ma prime limene lingakupatseni 60. Maziko a mfundoyi ali m'zolemba za Euclid, koma amene anaitsimikizira mokwanira ndi Gauss mu 1801. N'chifukwa chakenso 1 sawerengedwa ngati prime. Akanaloledwa, 60 akanakhalanso 1 × 2 × 2 × 3 × 5, kenako 1 × 1 × 2 × 2 × 3 × 5, osathanso.

Musanagawe, iyang'anitsitseni nambalayo. Dijiti yomaliza ndi 4, ndiye 2 amalowa, ndipo funso lakuti ndi prime lathera pomwepo, pakuti prime yogawika ndi 2 ndi 2 yekha. 5 sangalowe poti nambalayi sikuthera ndi 0 kapena 5. Kuti mudziwe kuti 2 alowa kangati, onani kumapeto kokha. Madijiti awiri omaliza, 04, amagawika ndi 4. Atatu omaliza, 704, ndi 8 × 88. Anayi omaliza, 3,704, mukawagawa ndi 16 mupeza 231 n'kutsala 8. Ndiye 2 alowa katatu, osapitirira apo. Njirayi imagwira chifukwa 100 amagawika ndi 4, 1,000 amagawika ndi 8, ndipo 10,000 amagawika ndi 16. Zonse zimene zili kumanzere kwa madijiti amenewo zagawika kale, nkhani yatsala kumchira.

Pa 3 ndi 9, phatikizani madijiti: 3 + 5 + 5 + 3 + 7 + 0 + 4 = 27. Popeza 27 amagawika ndi 9, nambala yonse imagawika ndi 9. Apa pali mbuna imene ambiri amagweramo: akaona 27 amathamangira kunena kuti nambalayo imagawikanso ndi 27. Ayi. Kuphatikiza madijiti kumagwira pa 9 chifukwa 10, 100, 1,000 onse akagawidwa ndi 9 amatsala 1. Koma 10 akagawidwa ndi 27 amatsala 10 yemweyo, ndiye lamulo lija lilibe pogwira. Chimene chimagwira pa 27 ndi kudula nambala m'magulu a madijiti atatuatatu, chifukwa 1,000 ndi 27 × 37 + 1. Phatikizani 3 + 553 + 704 mupeza 1,260. Mukagawa ndi 27 atsala 18, mukagawa ndi 37 atsala 2. Kotero 27 salowa, ndipo 37 mwamuchotsa kale pamndandanda osamugwirira ntchito yapadera.

Magulu atatuatatu omwewo ali ndi ntchito ina yoposa pamenepa. 7 × 11 × 13 = 1,001, kutanthauza kuti 1,000 aliyense amaperewera ndi 1 kuti agawike ndi ma prime atatuwa. Ndiye yambani kumanja, muzichotsera ndi kuphatikiza mosinthanasinthana: 704 − 553 + 3 = 154. Chimene chimalowa mu 154 pakati pa 7, 11 ndi 13 chimalowanso m'nambala yonse. 154 ndi 2 × 7 × 11. Choncho 7 amalowa, 11 amalowa, 13 salowa. Ma prime atatu mwawayesa ndi samu imodzi ya pamtima.

Tsopano gawani, ndipo prime iliyonse muiumirire mpaka itakana musanapite pa ina:

3,553,704 ÷ 2 = 1,776,852
1,776,852 ÷ 2 = 888,426
888,426 ÷ 2 = 444,213
444,213 ÷ 3 = 148,071
148,071 ÷ 3 = 49,357
49,357 ÷ 7 = 7,051
7,051 ÷ 11 = 641

7 sabwereza, chifukwa 7,051 ndi 7 × 1,007 n'kutsala 2. 11 sabwerezanso, chifukwa 641 ndi 11 × 58 n'kutsala 3. Watsala 641, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Osangomuyang'ana n'kunena kuti akuoneka ngati prime. 91 amaoneka ngati prime koma ndi 7 × 13. 391 ndi 17 × 23, 899 ndi 29 × 31. Zolakwika zambiri pa ntchito yamtunduwu zimabadwira pa chotsala chomaliza chimene munthu sanachiyese.

Kuyesako sikutali. Nambala ikakhala a × b, sizingatheke kuti a ndi b onse apose square root yake, chifukwa mukanawachulukitsa akanapitirira nambalayo. Mmodzi wa awiriwo ayenera kukhala pa square root kapena pansi pake. 25 × 25 ndi 625 ndipo 26 × 26 ndi 676, ndiye malire a 641 ali pa 25. Ma prime osayesedwa pansi pa 25 ndi 17, 19 ndi 23 okha, poti 13 tinamukana kale. 17 atsala 12, 19 atsala 14, 23 atsala 20. Basi, 641 ndi prime. Taonani mmene malire agwera: pachiyambi anali pa 1,885, mutachotsa ma prime ang'onoang'ono atsikira pa 25. Nthawi iliyonse mukagawa, werenganinso malire kuchokera pa nambala imene yatsala, osati pa yoyamba ija.

3,553,704 = 2³ × 3² × 7 × 11 × 641

Chulukitsaninso kuti mutsimikize: 8 × 9 = 72, 72 × 77 = 5,544, ndipo 5,544 × 641 = 3,553,704. Sitepe imeneyi musaidumphe. Mukalakwitsa pamzerewu, zonse zotsatira zipotoka limodzi popanda chokuchenjezani.

Tinambala tating'ono ta m'mwamba tija, 3 pa 2 ndi 2 pa 3, tikunena kuti prime imeneyo yalowa kangati. Pamene sipanalembedwe kanthu pali 1. Ndi timeneti timene timayankha funso lanu la ma factor. Factor iliyonse imapangidwa potola ena mwa ma prime amenewa. Pa 2 muli ndi njira zinayi: osamutenga, kumutenga kamodzi, kawiri kapena katatu. Pa 3 njira ndi zitatu. Pa 7, pa 11 ndi pa 641 njira ndi ziwiriziwiri, kutenga kapena kusiya. Ndiye onjezani 1 pa kanambala kalikonse ka m'mwamba n'kuchulukitsa: 4 × 3 × 2 × 2 × 2 = 96. Ma factor alipo 96, kuwerengera 1 ndi nambala yeniyeniyo. Amene amaiwala kuonjezera 1 amapeza 3 × 2 = 6, yankho limene mungalikane ndi maso, pakuti 1, 2, 3, 4, 6, 7, 8 adutsa kale pamenepo.

Ntchito yanu ija sinapite pachabe. Kuchokera pa 1 mpaka 60 pali ma factor 21, ndipo factor iliyonse ili ndi inzake imene mumaipeza pogawa: 2 ali ndi 1,776,852, 56 ali ndi 63,459. Ndiye munali nawo 42 m'manja mwa 96. Onse amayenda awiriawiri chomwechi, magulu 48, theka pansi pa square root, theka pamwamba. Awiri oyandikana kwambiri ndi 1,848 ndi 1,923.

Kuphatikiza ma factor onse 96 kulinso ndi njira yake. Pa prime iliyonse phatikizani zimene mungatole, kenako chulukitsani mayankhowo. Pa 2 ndi 1 + 2 + 4 + 8 = 15. Pa 3 ndi 1 + 3 + 9 = 13. Pa enawo ndi 8, 12 ndi 642. Ndiye 15 × 13 × 8 × 12 × 642 = 12,018,240. Ngati mukukayika, yesani pa 12, amene ndi 2² × 3: (1 + 2 + 4) × (1 + 3) = 28, ndipo 1 + 2 + 3 + 4 + 6 + 12 ndi 28 ndithu.

Yankho limeneli ndi limene limaiika nambala m'magulu atatu akalekale, amene Nicomachus wa ku Gerasa anawalemba cha m'ma 100. Chotsani nambala yeniyeniyo pa zophatikizazo, kuti atsale ma factor ochepera iyo okha: 12,018,240 − 3,553,704 = 8,464,536. Chotsalacho chikachepera nambalayo, imatchedwa deficient, yoperewera. Prime iliyonse ili m'gulu limeneli, chifukwa imangotsala ndi 1. Chikafanana nayo ndendende imatchedwa perfect, monga 6 amene ndi 1 + 2 + 3. Chikaiposa imatchedwa abundant, yosefukira. Yanuyi ndi abundant, yosefukira koposa kawiri. Kuiwala kuchotsa nambalayo kumachititsa kuti nambala iliyonse ioneke yosefukira, ndi ma prime omwe.

Kunena zoona, gulu limeneli mukanalidziwa musanawerenge zonsezi. Nambala yogawika ndi 6 ili ndi theka lake, gawo lake limodzi mwa atatu, ndi gawo lake limodzi mwa asanu ndi limodzi, ndipo zitatuzi zikaphatikizidwa zimabweza nambala yonse: 1,776,852 + 1,184,568 + 592,284 = 3,553,704. Ma factor ena 92 otsalawo ndi zosefukira kale. Choncho nambala iliyonse yogawika ndi 6, kupatula 6 mwini wake, ndi abundant. Samu yomweyi ikuonetsanso kuti yanuyi ndi semiperfect, kutanthauza kuti mungatole ena mwa ma factor ake n'kuikwanitsa ndendende. Ma abundant ambiri amatero, koma si onse. 70 ali ndi 1, 2, 5, 7, 10, 14, 35, amene onse pamodzi ndi 74. Kuti mufike pa 70 muyenera kuchotsapo 4, koma palibe njira yopangira 4 kuchokera pamenepo. Manambala okanika chonchi amatchedwa weird, ndipo 70 ndi wochepetsetsa mwa iwo.

Za perfect simukanavutika nazo n'komwe. Oyamba ndi 6, 28, 496, 8,128, kenako mpata waukulu mpaka 33,550,336. Palibe nambala ya perfect ya madijiti asanu ndi awiri. Onse odziwika amagawika ndi 2, ndipo funso lakuti alipo wosagawika ndi 2 silinayankhidwebe mpaka lero, ngakhale zinatsimikizidwa kuti ngati alipo ndi woposa 1 wotsatiridwa ndi maziro 1,500.

Chinthu china chimene mudzachione m'mabuku ndi totient ya Euler, yolembedwa ndi chilembo φ. Imawerenga manambala kuchokera pa 1 mpaka nambala yanu amene sagawana nayo prime iliyonse. Pa prime yolowa kamodzi, chotsani 1: 7 apereka 6, 11 apereka 10, 641 apereka 640. Pa prime yobwereza, chotsani sitepe yapansi pa yapamwamba: 8 − 4 = 4, ndipo 9 − 3 = 6. Chulukitsani 4 × 6 × 6 × 10 × 640 mupeza 921,600, pafupifupi 26 pa 100 aliwonse. Ndi ochepa chonchi chifukwa 2 yekha amasesa theka la manambala, 3 n'kusesa gawo limodzi mwa atatu a otsalawo. 641 ngakhale ndi wamkulu sachotsa zambiri. Musaione ngati samu yokongoletsera: totient ndi imene ili pamtima pa RSA, njira yobisira mauthenga pa intaneti imene inalengezedwa mu 1977.

Kodi ndi square, nambala yopezeka pochulukitsa nambala ina ndi iyo yokha? Mayeso apamtima sakuikana. Ma square amathera ndi 0, 1, 4, 5, 6 kapena 9, yanuyi ikuthera ndi 4. Akagawidwa ndi 9 amatsala 0, 1, 4 kapena 7, yanuyi ikutsala 0. Koma mayeso otere amatha kukana kokha, sangavomereze. Lamulo lenileni ndi lakuti tinambala tonse ta m'mwamba tikhale togawika ndi 2, ndipo pano tili ndi 3, 2, 1, 1, 1. Si square. Ili pakati pa 1,885² amene ndi 3,553,225 ndi 1,886² amene ndi 3,556,996. Umboni wina muli nawo kale: ma square okha ndi amene chiwerengero cha ma factor awo sichigawika ndi 2, chifukwa square root imakhala inzake ya iyo yokha. 96 amagawika. Mukafunsidwa nambala yochepetsetsa yoichulukitsa nayo kuti isanduke square, tolani ma prime amene alibe mnzake: 2 × 7 × 11 × 641 = 98,714. Sinso squarefree, nambala yosagawika ndi square iliyonse yoposa 1, popeza 4 ndi 9 amalowamo.

Funso lokoma kuposa limeneli ndi lakuti ingalembedwe ngati ma square angati ophatikiza. Awiri sizitheka, ndipo simufunika kuyesa ngakhale kamodzi. Lamulo limene linachokera kwa Fermat n'kutsimikizidwa ndi Euler likuti: onani ma prime amene akagawidwa ndi 4 amatsala 3. Aliyense wa iwo ayenera kulowa kawiri, kanayi, kapena kuchuluka kwina kogawika ndi 2. Pano 3 walowa kawiri, palibe vuto. Koma 7 ndi 11 onse amatsala 3 ndipo alowa kamodzikamodzi, ndiye khomo latsekeka. Atatu zimatheka. Legendre anasonyeza kuti manambala okanika ndi okhawo amene, mukawagawa ndi 4 mpaka atakana, chotsatiracho chimatsala 7 pogawa ndi 8. Yanuyi imagawika ndi 4 kamodzi n'kukhala 888,426, amene amatsala 2. Kuti mupeze ma square ake, gwirani 888,426 yemweyo, muzichotsa ma square akuluakulu motsika kuyambira pa 942² mpaka chotsala chitamvera lamulo la ma square awiri lija. 942, 941 ndi 940 akana. Pa 939 atsala 6,705, amene ndi 3² × 5 × 149, ndipo ameneyu ndi 81² + 12². Chulukitsani zonse ndi 2 kuti mubwerere pa nambala yanu: 1,878² + 162² + 24² = 3,553,704. Za ma square anayi palibe chofunsa, Lagrange anatsimikiza mu 1770 kuti nambala iliyonse imatheka.

Awiri ena ndi achangu. Nambala ndi triangular, monga 1, 3, 6, 10, 15 (1, 1 + 2, 1 + 2 + 3 n'kumapita), pokhapokha mukaichulukitsa ndi 8 n'kuonjezera 1 itakhala square. Pano tikupeza 28,429,633, amene ali pakati pa 5,331² ndi 5,332², ndiye si triangular. Koma ingalembedwe ngati manambala otsatizana ophatikiza, monga 1,184,567 + 1,184,568 + 1,184,569. Njira zake zimawerengedwa ndi ma factor osagawika ndi 2, amene alipo 3 × 2 × 2 × 2 = 24. Chotsanipo imodzi, imene ndi nambalayo payokha, zitsala njira 23.

Palinso mayina ena ambiri amene amapatsidwa kwa manambala poyang'ana madijiti ake. Palindrome ndi yowerengeka chimodzimodzi kuchokera mbali zonse, yanuyi ayi. Harshad, dzina limene anapereka D. R. Kaprekar wa ku India, ndi yogawika ndi zophatikiza za madijiti ake, ndipo taona kale kuti 27 salowa. Zoterezi muzilembe ngati zafunsidwa, koma dziwani kuti zikunena za kalembedwe ka makumi, osati za nambala yeniyeniyo. M'kalembedwe ka kompyuta ka 0 ndi 1 nambala yomweyi ndi 1101100011100110101000, ndipo mu hexadecimal, kalembedwe kowerengera m'magulu a 16, ndi 3639A8. Madijiti asintha, palindrome ndi Harshad zingasinthe nawo, koma ma factor 96 aja ali pomwepo. Chimene kalembedwe ka 0 ndi 1 kakuonetsa poyera ndi maziro atatu a kumapeto, amene ndi 2³ uja.

641 uja ali ndi mbiri yakeyake, ndipo ikuphunzitsani kanthu pa kusaka ma factor. Cha m'ma 1640 Fermat ankakhulupirira kuti manambala a mndandanda wa 3, 5, 17, 257, 65,537 n'kumapita onse ndi ma prime. Aliyense amapezeka potenga wapitayo, kuchotsa 1, kumuchulukitsa ndi iye yekha, n'kubwezerapo 1. Asanu oyambawo ndi ma prime ndithu. Wachisanu ndi chimodzi ndi 2³² + 1, amene ndi 4,294,967,297, ndipo mu 1732 Euler analengeza kuti ndi 641 × 6,700,417. Nambala yotereyi sifuna kuyesa ma prime onse mpaka 65,536. Euler anasonyeza kuti factor yake iliyonse iyenera kutsala 1 ikagawidwa ndi 64, ndiye ma prime oyenera kuyesedwa ndi 193, 257, 449, 577, 641, ndipo wachisanu ndi amene analowa. Mungatsimikize nokha osagawa nambala yaikuluyo. 641 ndi 5 × 2⁷ + 1, komanso ndi 5⁴ + 2⁴. Mfundo yoyamba ikuti 5 × 2⁷ amaperewera ndi 1 kuti agawike ndi 641, ndiye mukamuchulukitsa yekha kanayi, 5⁴ × 2²⁸ amatsala 1. Yachiwiri ikuti pamalo pa 5⁴ mungaikepo −2⁴. Zikutsatira kuti −2³² amatsala 1, ndiye 2³² + 1 satsala kanthu. Nambala ikakhala ndi kapangidwe kodziwika, yambani mwafunsa kuti kapangidweko kakuletsa ma factor ati.

Ndiye kompyuta imafunika pati? Yanuyi inali yofewa chifukwa inali ndi ma prime ang'onoang'ono ambiri. Ikanakhala prime, kapena ma prime awiri oyandikana kukula, mukanayesa ma prime pafupifupi 300 a pansi pa 1,885, ntchito ya tsiku lathunthu ndi kakyuleta. Vuto ndi lakuti madijiti awiri aliwonse oonjezera amachulukitsa ntchitoyo kakhumi. Kompyuta yogawa ka biliyoni pa sekondi, ikamayesa nambala iliyonse, imamaliza nambala ya madijiti 20 m'masekondi khumi. Ya madijiti 40 ingaitengere zaka zikwi zingapo. Pali njira zanzeru kuposa kugawa kotere, monga Pollard rho ndi number field sieve, komabe nambala ya madijiti 250 yotchedwa RSA-250 inaphwanyidwa mu 2020 itadya ntchito yofanana ndi zaka pafupifupi 2,700 za purosesa imodzi.

Chodabwitsa n'chakuti kudziwa ngati nambala ndi prime n'kosavuta kusiyana ndi kuiphwanya. Fermat anapeza kuti p akakhala prime yoposa 2, ndiye 2 wochulukitsidwa yekha ka p − 1 (2 × 2 × 2 ...) amatsala 1 pogawa ndi p. Chotsala chikakhala china, nambalayo si prime, ngakhale simukudziwa factor yake n'imodzi yomwe. Koma chikakhala 1 musavine msanga. 341 ndi 11 × 31, komabe amapambana mayesowa, chifukwa 2¹⁰ ndi 1,024 amene ndi 3 × 341 + 1. Mukasintha 2 n'kuikapo 3, 341 amagwidwa. 561, amene ndi 3 × 11 × 17, amapambana ndi nambala iliyonse yosagawana naye prime. Onyenga amenewa amatchedwa manambala a Carmichael, ndipo mu 1994 zinatsimikizidwa kuti satha. N'chifukwa chake mapulogalamu amagwiritsa ntchito mayeso a Miller-Rabin, amene nambala yosakhala prime singawapambane koposa kamodzi mwa kanayi. Mukawabwereza ka 20 ndi manambala osankhidwa mwachisawawa, mwayi woti yabodza idutse umachepera kamodzi pa thiriliyoni. Manambala ochepera ndi 1 pa 2 wochulukitsidwa yekha kangapo, a Mersenne, ali ndi mayeso awoawo a Lucas-Lehmer, ndipo n'chifukwa chake ma prime akuluakulu odziwika amachokera m'banja limeneli. Imene inapezeka mu Okutobala 2024, 2 wochulukitsidwa yekha ka 136,279,841 kuchotsa 1, ili ndi madijiti 41,024,320.

Mukapita pa kompyuta, samalani ndi chida chimene mwagwira, chifukwa zambiri zimadula nambala mwakachetechete. Excel amasunga madijiti 15 okha, otsalawo amawasandutsa maziro. JavaScript, chilankhulo cholembera mapulogalamu, mukapanda kugwiritsa ntchito BigInt, njira yake yosungira manambala aatali, amasiya kulondola akadutsa 9,007,199,254,740,992, moti nambala yotsatira amaiwerenga ngati yomweyo. Python, chilankhulo china cholembera mapulogalamu, amasunga nambala yathunthu ngakhale italike bwanji, koma chizindikiro cha / chimabweza yankho la madesimo lodulidwa, ndiye pogawa gwiritsani ntchito // ndipo pofuna chotsala gwiritsani ntchito %. PARI/GP, pulogalamu yaulere ya masamu amtunduwu, imaphwanya nambala ya madijiti 30 kapena 40 m'kanthawi kochepa.

Musanakhulupirire chida chilichonse, chipatseni 147,573,952,589,676,412,927, amene ndi 2⁶⁷ − 1. Frank Nelson Cole anaonetsa mu 1903, akuchulukitsa pa bolodi ndi choko, kuti ndi 193,707,721 × 761,838,257,287. Chida cholondola chikupatsani ma prime awiri amenewa. Chodula madijiti chidzaisandutsa 147,573,952,589,676,000,000 n'kukuuzani kuti imagawika ndi 2 ndi 5.